Kalata yotseguka kwa akuluakulu a FA: bwezerani masewero achibwereza mu FA Cup

Kwa akuluakulu a FA, bungwe loyendetsa mpira ku England,
Wembley, London.

Akuluakulu,

Pa 18 Epulo 2024 munalengeza kuti mwamvana ndi Premier League zothetsa masewero achibwereza, aja matimu ankakumananso pa bwalo la mlendo akalepherana koyamba, mu chikho cha FA Cup, kuyambira ndime yoyamba mpaka kumapeto. Kuchokera chaka cha mpira cha 2024-25, matimu akalepherana m'mphindi 90 amawonjezeredwa mphindi 30, zikakanikabe amakagwetsana pa mapenate, wogonja n'kulongedza tsiku lomwelo. Mgwirizanowo munaumanga kuti ukhale zaka 6. Pempho langa n'lakuti musadikire 2030 kuti muuunikenso, chifukwa zomwe munachitazo ndi kulanda kamodzi komwe matimu ang'onoang'ono anali nako n'kukapereka kwa matimu omwe ali nazo kale zonse.

Mwina mufunsa kuti munthu woonera mpira wanu pa kanema ali kutali zikumukhudza bwanji. Zikundikhudza ndithu. Ndi ife oonera amene timachititsa kuti makampani a kanema azikulipirani ndalama zankhaninkhani, ndipo tikudziwa chomwe timakhalira pansi mu Januwale. Arsenal ndi Chelsea timaziona sabata iliyonse mu ligi. Chomwe FA Cup imatipatsa, chosapezeka kwina, ndi kuona akatswiri akutsika basi pa kabwalo kothina, n'kukumana ndi anyamata omwe Lolemba m'mawa alawirira ku ntchito zina. Palibe dziko lomwe lili ndi chikho chakale kuposa chanuchi. Fainolo yoyamba inaseweredwa pa 16 Malichi 1872 pa Kennington Oval, Wanderers n'kugonjetsa Royal Engineers 1-0, olembetsa ali matimu 15 okha. Lero amalembetsa oposa 700, ena kuyambira mu Ogasiti ligi yaikulu isanayambe n'komwe. Ambiri mwa iwo sadzaponda pa Wembley ndipo akudziwa. Maloto awo ndi awiri basi: maere awagwere bwino, kenako alimbe mphindi 90.

Chifukwa chomwe munapereka ndinachimva, ndipo sindinena kuti n'chabodza. UEFA, bungwe loyendetsa mpira ku Ulaya, inakulitsa mipikisano yake. Mu Champions League tsopano muli matimu 36, iliyonse imasewera masewero 8 m'ndime yoyamba pomwe kale anali 6, ndipo ena mwa masewerowo amagwera mu Januwale, mwezi womwe chibwereza cha ndime yachitatu chinkaseweredwa. Osewera ndi anthu, amatopa, amavulala. Koma tiyeni tiwerenge. Matimu a ku England omwe amasewera m'mipikisano ya UEFA pachaka safika 10. Ndipo m'ndime yoyamba ndi yachiwiri ya FA Cup, zomwe zimaseweredwa chaka chikupita kumapeto, mulibe ngakhale timu imodzi ya Premier League kapena ya Championship (ligi yachiwiri), popeza amenewo amalowa m'ndime yachitatu. M'ndime ziwirizo mumakhala matimu a League One ndi League Two (ligi yachitatu ndi yachinayi) ndi a m'maligi a m'munsi. Ndani mwa iwo ali ndi ulendo wa ku Madrid Lachitatu? Nanga chibwereza munachichotseranji kumeneko? Yankho logwira mtima la funso limeneli sindinalimvepo.

Ndiponso kutopa kwa osewerako kumachita kusankha. Ligi ya 2023-24 inatha pa 19 Meyi. Pa 22 Meyi, patangotha mwezi umodzi chilengezereni chigamulo chanu, Tottenham ndi Newcastle zinali pa bwalo ku Melbourne, m'dziko la Australia, kusewera masewero ongopimana mphamvu, zitauluka pafupifupi tsiku lathunthu. Chaka chotsatira Manchester United itangomaliza ligi inauyamba wa ku Malaysia ndi ku Hong Kong. Miyendo yomwe akuti singakwere basi maola atatu kukasewera chibwereza imatha kuuluka mpaka kumalekezero a dziko, bola kukhale ndalama. Timu yomwe yalowa Champions League imadziwa kale kuti masewero achuluka, ndipo imalandira ndalama zokwanira kukhala ndi osewera awiri pa malo aliwonse. Wakwata kwa mphezi saopa kung'anima. Kuuza Tamworth kuti ndiyo ilipire mtengo wa zimenezi si chilungamo.

Tamworth ndaitchula dala. Pa 12 Januwale 2025, chaka choyamba cha lamulo latsopanoli, Tottenham inapita pa Lamb Ground, kwawo kwa timu ya mu National League, ligi yachisanu kuchokera pamwamba. Osewera a Tamworth ali ndi ntchito zina zomwe zimawadyetsa, mpira amakonzekera akaweruka. Masewero anachedwa kuyamba chifukwa ukonde wa golo limodzi unali ndi vuto, mpaka wosewera wina anachita kukwera pamapewa pa mnzake n'kuumanga ndi tepi, dziko lonse likuonera. Anthu anaseka. Mpira utayamba kuseka kunatha, chifukwa Tamworth inatseka makomo onse. Chigawo choyamba chinatha, chachiwiri chinatha, Tottenham osauona ukonde uja.

Zikanachitika chaka chimodzi m'mbuyomo, wenzulo yomaliza ija ikanakhala chiyambi cha chikondwerero. Tamworth ikanapita ku London, pa bwalo lolowa anthu oposa 60,000, kukatenga gawo lake la ndalama zapachipata, mwinanso ndi za kanema. M'malo mwake woyimbira anangowapatsa kamphindi komwera madzi, n'kuwaitananso. Pa benchi ya Tottenham panadzuka Son Heung-min ndi Dejan Kulusevski, miyendo yatsopano, kudzathamangitsana ndi anthu omwe anali atapereka kale zonse zomwe anali nazo. Zinathera 3-0, ndipo chigoli choyamba Tamworth inachita kudzimwetsa yokha. Wodzawerenga mabuku anu patsogolo adzangoona 3-0, adzaganiza kuti Tottenham inangodutsa.

Ndifotokoze bwino za ndalamazi, popeza ena amati tikungolira chifukwa chokonda zakale. Mu ligi, ndalama zapachipata zimatsala ndi mwini bwalo. Mu FA Cup zimagawidwa. Akachotsa zolipira za tsikulo, m'ndime zomwe matimu aakulu alowa nthawi zambiri timu iliyonse imatenga 45 peresenti, 10 yotsalayo n'kupita m'thumba la mpikisano. Choncho timu yozolowera anthu 1,000 kapena 2,000 pakwawo ikakasewera pa Old Trafford kapena pa Anfield, masana amodzi amatha kuipatsa ndalama zomwe singazipeze chaka chonse. Maere ndi mwayi chabe, palibe amene amawagwirira ntchito. Chibwereza ndicho chinali njira yokhayo yoti timu idzipezere yokha tsiku lotere ndi thukuta lake.

Funsani a Exeter City. Mu Januwale 2005 timuyi inali kunja kwa maligi anayi apamwamba, ili m'ngongole mpaka m'khosi, masapota atachita kuitenga m'manja mwawo kuti isafe. Inakalepherana ndi Manchester United 0-0 pa Old Trafford. Pachibwereza, kwawo pa St James Park, Alex Ferguson sanafunenso zocheza, ndipo Cristiano Ronaldo ndi Wayne Rooney ndi amene anagoletsa pa 2-0. Exeter inatuluka, koma ndalama za masewero awiriwo zinathandiza kubweza ngongole zija, moti timuyo ilipo mpaka lero. Chaka chotsatira zinachitikanso kwa Burton Albion ya mphunzitsi Nigel Clough. Inakana kugonja pakwawo, 0-0, n'kupita ku Old Trafford ndi chikhamu cha masapota pafupifupi 11,000. Inakamwa zigoli 5, koma inabwerera ndi ndalama panthawi yomwe inali itangolowa kumene m'bwalo lake latsopano la Pirelli. Pofika 2016 Burton inali mu Championship. Sindikunena kuti chibwereza chokha ndicho chinaikweza, koma chotsani masana a ku Old Trafford aja muone ngati nkhaniyo ikanayenda chimodzimodzi.

Lincoln City mu 2017 inafika m'makotafainolo ili kunja kwa maligi anayi, chinthu chomwe chinali chisanachitike kwa zaka zoposa 100. Ulendo umenewo unadutsira pa chibwereza cha ndime yachitatu: 2-2 kwawo kwa Ipswich, kenako 1-0 pa Sincil Bank. Ndalama za chaka chimenecho anamangira malo okonzekerera masewero.

Ngakhale chigoli chomwe makanema amachionetsa chaka ndi chaka ndime yachitatu ikayandikira chinabadwira m'chibwereza. Mu 1972 Hereford United, timu ya m'maligi a m'munsi, inakalepherana ndi Newcastle 2-2 koyenda. Pachibwereza pa Edgar Street, bwalo lili matope okhaokha, Malcolm Macdonald anaitsogoza Newcastle kutatsala mphindi zochepa. Apo ndi pomwe Ronnie Radford anaumenya ali kutali, mpira n'kukalowa pakona yam'mwamba, ana n'kusefukira m'bwalo. Ricky George anamaliza ntchito m'mphindi zowonjezera. Ndi lamulo lanu la lero, tsiku limenelo silikanakhalako. Nkhani ikanathera kwawo kwa Newcastle, ndipo dzina la Radford likanadziwika ndi anthu a ku Hereford okha.

Pali khomo linanso lomwe munalitseka kale. Timu yaing'ono ikagwa maere ndi yaikulu pakwawo inkatha kusamutsira masewero ku bwalo la yaikuluyo kuti ipeze zambiri. Farnborough inatero mu 2003, kukasewera ndi Arsenal pa Highbury, n'kugonja 5-1. Zitatero munakhwimitsa malamulo kuti kusamutsa masewero chifukwa cha ndalama kuthe. Pamenepo ndinali nanu, chifukwa chikho si msika. Koma taonani pomwe tafika. Timu yaing'ono singasamutse masewero, ndipo ikalimba pakwawo singapatsidwe ulendo wachiwiri. Mukufuna ipezere kuti?

Mudzanena kuti zodabwitsa zikuchitikabe, ndipo n'zoona. Plymouth, ili kumchira kwa Championship, inatulutsa Liverpool 1-0 mu Febuluwale 2025. Crystal Palace inakwapula Manchester City 1-0 mu fainolo ya pa 17 Meyi chaka chomwecho, Eberechi Eze akugoletsa, Dean Henderson akugwira penate, n'kutenga chikho chachikulu choyamba m'mbiri yake. Mu Januwale 2026 Palace yomweyo inakagwa 2-1 pa Macclesfield, timu ya mu ligi yachisanu ndi chimodzi. Tinasangalala tonse. Koma kuti timu yaing'ono igwetseretu yaikulu zimachitika mwa apo ndi apo. Chomwe chimachitika kawirikawiri ndi kulepherana, ndipo kulepheranako ndi komwe mwakuchotsera mphoto. Choipa kwambiri, mwaikapo mphindi 30 zowonjezera m'nthawi yomwe timu imaloledwa kusintha osewera asanu. Amene ali ndi osewera a timu za mayiko awo pa benchi ndi amene mphindi zimenezo zimamukomera. Zimenezi sizifuna katswiri wa masamu.

Mudzatchulanso ndalama zofika mapaundi 33 miliyoni pachaka zomwe Premier League inalonjeza kuwonjezera ku mpira wa m'munsi ngati mbali ya mgwirizanowu. Mabwalo abwino ndi ofunika, palibe angakane. Komatu imeneyo ndi mphatso, ndipo wopereka mphatso ndiye amasankha woilandira, kuchuluka kwake ndi tsiku loisiya. Ndalama ya chibwereza sinali mphatso. Exeter sinapemphe munthu, inachita kuilanda pa bwalo.

Chomwe chikundidetsa nkhawa n'chakuti simunayambe mu 2024. Mwakhala mukuchisenga chikhochi pang'onopang'ono, nthawi iliyonse mukunena kuti mukuchiteteza. Kale matimu ankabwereza mpaka wina atapambana, moti mu 1971 Alvechurch ndi Oxford City zinakumana maulendo 6. Palibe akufuna kubwerera kumeneko, ndipo mutabweretsa mapenate kumayambiriro a zaka za m'ma 1990 zinali zomveka. Kenako chibwereza chinachoka mu fainolo ndi mu semifainolo, chomaliza chake chinali chija cha 1999 pa Villa Park, pomwe Ryan Giggs anadutsa otchinga kumbuyo a Arsenal. Mu 2016 chinachoka m'makotafainolo, mu 2018 m'ndime yachisanu. M'chaka cha 1999-2000 munalola Manchester United, yomwe inali ikusunga chikhocho, kuti isachiteteze n'komwe, ipite ku Brazil ku mpikisano wa FIFA. Mu 2020 Shrewsbury itabweza zigoli ziwiri n'kufanana mphamvu ndi Liverpool, Jürgen Klopp anatumiza timu ya achisodzera ku chibwereza, iye mwini osakhala pa benchi. Aliyense anaona yemwe ali ndi mphamvu. Tsopano fainolo, yomwe inali chitseko chotsekera chaka cha mpira, munavomera kuti iziseweredwa ligi isanathe. Ndipo wotenga chikho mu 2025 analandira mapaundi 2 miliyoni pa fainolo, pomwe timu yothera kumchira kwa Premier League imatuluka ndi oposa 100 miliyoni. Mukamaona aphunzitsi akupumitsa akatswiri awo mu Januwale musadabwe, akuwerenga ndalama zomwe inu eni munaika.

Za kukakamiza masemifainolo onse pa Wembley kuyambira 2008 ndingonenapo pang'ono. Mu 2022 masapota a Liverpool ndi Manchester City, mizinda yoyandikana kumpoto, anayenera kupita ku London sabata ya Pasaka sitima zochokera kwawoko zisakuyenda, inu n'kuchita kuwapezera mabasi. Imeneyo ndi nkhani ya kalata ina.

Chinawawa kwambiri pa chigamulo cha 2024 ndi momwe chinapangidwira. EFL, bungwe lomwe limayimira matimu 72 a Championship, League One ndi League Two, inanena poyera kuti mgwirizanowu unali wa inu ndi Premier League basi. Inu munayankha kuti nthumwi za EFL zinalipo pomwe ndandanda wa masewero unkavomerezedwa. Kaya zinayenda bwanji m'chipindamo, matimu ambiri a m'munsi anadandaula kuti sanafunsidwe, anangomva nkhani itatuluka. FA si nthambi ya Premier League. Matimu 20 aja ali ndi maloya awo, ndalama zawo ndi bungwe lawo lowalankhulira. Timu ya m'ligi yachisanu ilibe wina woiimirira kupatula inu, ndipo tsiku lomwe inakufunani munali mbali inayo ya tebulo.

Ena amati mayiko ena alibe chibwereza ndipo zikho zawo zikuyenda. N'zoona, koma kumeneko anapeza china chopatsa wamng'ono. Ku Germany, m'chikho chawo cha DFB-Pokal, timu ya ligi yachitatu kapena yotsikirapo ikakumana ndi ya pamwamba imasewera pakwawo. Ndi momwe Saarbrücken inatulutsira Bayern Munich mu Novembala 2023 n'kukafika m'masemifainolo, ndipo mu 2025 Arminia Bielefeld, ya ligi yachitatu, inafika mu fainolo yeniyeniyo. Ku France timu yomwe ili maligi awiri pansi pa inzake ndiyo imalandira masewero, ndipo kuli mwambo woti yaikulu imasiyira yaing'ono gawo lake la ndalama zapachipata, yokana kutero n'kusanduka nkhani m'manyuzipepala. Matimu ang'onoang'ono afikapo mu fainolo kumeneko: Calais mu 2000, Les Herbiers mu 2018. Spain nayo kuyambira 2019 imatumiza matimu aakulu ku mabwalo a ang'onoang'ono, ndipo Real Madrid inakagwa pa Alcoyano mu 2021. Inu munatengera mayikowa pa kuchotsa, koma pa kubwezera simunawatsate.

Ndiye ndikupempha izi. M'ndime yoyamba ndi yachiwiri bwezerani chibwereza msanga, popeza palibe timu ya mu UEFA yomwe ingadandaule, ndipo m'ndime zachipulula za Ogasiti mpaka Okutobala chibwerezacho chilipobe osavuta munthu. M'ndime yachitatu ndi yachinayi ndikudziwa kuti masiku ndi ochepa, koma sikuti masewero onse amafuna chibwereza. Matimu awiri a Premier League akalepherana, amalizirane tsiku lomwelo, palibe angalire. Koma timu ya League One kapena yotsikirapo ikalimba mphindi 90 pamaso pa timu ya Premier League, ipatseni tsiku lake lachiwiri. Masewero otere pachaka ndi owerengeka. Ngati tsiku linapezeka la ku Melbourne, lipezekanso la amenewa, ndipo timu yaikulu yoopa chibwereza ili ndi mankhwala ake: ipambane koyamba.

Ngati mwatsimikiza kuti tsikulo palibiretu, lipirani mtengo wake. Mutha kuwerengera bwinobwino ndalama zomwe chibwerezacho chikanabweretsa, ndipo timu yaing'ono ilandire gawo lake kuchokera m'thumba lomwe matimu opindula ndi lamuloli azisonkha. Mphindi 30 zowonjezera zichoke, matimu azipita ku mapenate mphindi 90 zikangotha, monga zimachitikira m'ndime zoyambirira za League Cup kuyambira 2018. Pa mapenate goloboyi yemwe ali ndi tsiku labwino akhoza kugwetsa aliyense, benchi siithandiza kwenikweni.

Ndipo musanasainirenso pepala lililonse ndi Premier League lokhudza chikhochi, itanani matimu a EFL ndi a National League, muwapatse mwayi wovota, zotsatira zake muzilengeze poyera kuti tonse tidziwe yemwe anafuna chiyani.

Ndine wanu,
Wokonda FA Cup